Ankhoswe a mu chimera ndi m'mizu ya nshawa

Phala la thobwa likapsa limakhala lolimba moti mthiko umaima wokha. Mayi wa ku Kaumbwe sapupuluma kuthira chimera. Amayamba waphula, n'kudikira kuti phalalo lipoleko, kenako amawazamo ufa wa mbewu zomeretsa uja n'kuvundula. Musachokepo msanga. Pakapita kanthawi phala limasungunuka ngati wina walithira madzi, ndipo mukalawa mupeza latsekemera, chikhalirecho shuga sanayandikire n'komwe.

Wagwira ntchitoyi ndani? Mbewu ikamamera imapanga kanthu kotchedwa amylase, kamene kamaduladula sitachi, chakudya chokhutitsa cha mu ufa, n'kumusandutsa shuga. Chondizizwitsa ine n'chakuti kakadula sikatha, sikaperepeseka. Kamatuluka mmene kanaloweramo, n'kupita kukadula pena. Zinthu zotere asayansi amati makatalisiti, ndipo amene anatcha dzina ntchito yake ndi Berzelius wa ku Sweden mu 1835. Ine ndimangoti ankhoswe: amafupikitsa njira kuti zinthu zitheke msanga, koma ukwatiwo si wawo, mawa ali kale pakhomo lina. Ankhoswe a mu chimera amaopa moto. Kuwathira mu phala lobwadamuka n'kuwapha, ndipo agogo athu ankadziwa zimenezi popanda buku.

Kumunda wa nshawa ndiye kuli zoposa. Mu mpweya umene timapumawu, magawo 78 pa 100 ndi nayitirojeni, chakudya chimene chimanga chimalira chikachita chikasu. Koma tizidutswa take timayenda tiwiritiwiri, titagwirana zolimba, ndipo mbewu singatilekanitse. Fritz Haber anapeza njira yolekanitsira tizidutswati mu 1909, Carl Bosch n'kuiika m'fakitale ku Germany mu 1913. Mpaka lero opanga fetereza amafunika moto wopitirira madigiri 400, mpweya wopanikizidwa koposa ka 100 poyerekeza ndi umene timapuma, ndi chitsulo ngati nkhoswe. N'chifukwa china thumba la yuriya limatiwawa m'thumba chotere.

Nshawa imachita zomwezo mu dothi lofunda la mwezi wa Januwale, mwakachetechete, popanda utsi. M'mizu yake muli timatuza, ndipo m'timatuzamo mumakhala mabakiteriya okhala ndi katalisiti yotchedwa nitrogenase. Mkati mwa katalisitiyo mulinso chitsulo, pamodzi ndi molybdenum. Fakitale ndi muzu zinakumana pa chitsulo chomwecho, kungoti Namalenga anayamba kalekale, ndipo sanafune ng'anjo. Mlimi amene amabzala chimanga pamene panali nshawa amadyerera ntchito imeneyi, kaya akudziwa kapena ayi.

Nshawa zikayamba maluwa, zulani tsinde limodzi, musase dothi, mung'ambe kathuza kamodzi ndi chikhadabo. Mukapeza mkati muli mofiirira ngati nyama, dziwani kuti ankhoswe ali pa ntchito.