Impso sizidandaula msanga

Adzukulu anga, makamaka inu opalasa kabaza, oumba njerwa ndi osenza matumba pamsika, ndikufuna tikambirane za timapiritsi timene mumagula paokala. Msana ukangoyamba kuwawa mwafika kale. Wogulitsa watenga sizasi, wadula Brufen awiri kapena Indocid, inu mwaponya m'kamwa n'kutsitsira thobwa, m'mimba mulibe kanthu, thukuta lili kamukamu. Mawa chimodzimodzi, mpaka mwezi kutha. Zimenezi zimandidetsa nkhawa kwambiri.

Impso iliyonse ili ndi timasefa pafupifupi 1 miliyoni, ndipo kalikonse kali ndi kachubu kake kopyapyala. Patsiku impso ziwirizi zimasefa madzi okwana malita pafupifupi 180, koma timachubu timabwezera ochuluka m'magazi, inu n'kutaya lita imodzi ndi theka yokha ngati mkodzo. Pakati pa timachubuti pali mnofu wofewa wotigwiriziza, monga mmene dothi limagwirira mizu. Mnofu umenewu ukatupa, timachubu timapanikizika, ntchito imayima, ndipo zoipa zimatsalira m'magazi. Madokotala amati interstitial nephritis.

TB ndi matenda ena amatha kuyambitsa kutupaku, koma kawirikawiri gwero lake ndi mankhwala. Sikuti mankhwalawo ndi poizoni ayi. Thupi la munthu wina limangodana nawo, asilikali a m'thupi n'kukhamukira ku impso. Mnzanu amwa, ali bwinobwino. Inu mwamwa omwewo, zavuta. Odziwika ndi izi ndi opha ululu aja, Brufen, Indocid ndi diclofenac, komanso amoxicillin, Bactrim, cipro, rifampicin wa TB, ngakhalenso omeprazole wa zilonda za m'mimba. Maantibayotiki amatha kuvulaza pasanathe milungu itatu, pamene opha ululu ndi omeprazole amadya mwakachetechete kwa miyezi.

Ena amatentha thupi, kutuluka zidzolo ndi kuphwanya m'mfundo. Ambiri samva zonsezi. Amangofooka, nseru, nsima osaifuna. Wina mkodzo wachepa, wina akudzuka kangapo usiku kukakodza. Inu mumati ndi malungo. Akakuyezani malungo n'kupeza kuti palibe, musabwerere kuokala kukawonjezera mapiritsi. Funsani ngati angakuyezeni mkodzo ndi magazi a impso, aja amati creatinine.

Ndipo adokotala akafunsa zimene mwakhala mukumwa, nenani zonse. Nyamulani timapaketi, ngakhale totha, pamodzi ndi kabuku kanu ka kuchipatala. Botolo lija lopanda dzina limene munagula padepoti, loti limatsuka m'thupi kapena kuwonjezera mphamvu, nalonso litchuleni. Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Musaganize kuti chilichonse chochokera ku zitsamba n'chosavulaza. Ku Brussels, m'dziko la Belgium, kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1990, amayi oposa 100 anawonongeka impso atamwa mankhwala ochepetsa thupi momwe munalowa chomera chotchedwa Aristolochia. Mnofu womwewu ndi umene unauma n'kusanduka zipsera, ndipo ena mwa iwo anadzadwalanso khansa ya njira ya mkodzo.

Koma mundimvetse bwino, inu amene muli pa mankhwala a TB kapena mumalandira Bactrim pamodzi ndi ma ARV: musasiye nokha chifukwa cha mawu angawa. Amenewo ndi amene akusunga moyo wanu, ndipo rifampicin amavulaza impso makamaka kwa munthu womwa modumphiza, kusiya n'kudzayambiranso. Mukaona zachilendo, pitani mukanene. Wosintha mankhwala ndi dokotala.

Vutoli likadziwika msanga, kuchotsa mankhwala olakwawo nthawi zambiri kumakwanira, mwina n'kuwonjezera prednisolone, impso n'kutsitsimuka. Mukachedwa, zipsera sizichoka. Impso zikalephereratu, chotsala ndi makina osefa magazi, aja a ku Queen Elizabeth ku Blantyre kapena ku Kamuzu Central ku Lilongwe, maola anayi mutagona, kangapo pamlungu. Makinawo ndi ochepa, odikira ndi ambiri, ndipo thiransipoti yochokera kumudzi kuno mukuidziwa nokha.