Maso a Doegi

Werengani 1 Samueli 21:1-9 ndi 22:6-19 musanapitirire.

Davide pothawa Sauli anafika ku Nobu kwa wansembe Ahimeleki, napatsidwa mkate wopatulika ndi lupanga la Goliati. Tsiku lomwelo panali munthu wina pamalopo, Doegi wa ku Edomu, kapitao wa abusa a Sauli. Iye sanalankhule kanthu. Anangopenya, nasunga mumtima. Pambuyo pake, Sauli atakhala ku Gibeya ndi kudandaula kuti palibe womuululira zinsinsi, Doegi anatulutsa zimene anasungazo. Ansembe 85 anaphedwa ndi dzanja la Doegi yemweyo, ndipo mudzi wa Nobu unatha ndi lupanga.

Onani bwino kuti za mkate ndi lupanga Doegi sanapeke. Chimene sichinamveke m'mau ake ndi chakuti Davide anauza wansembeyo kuti watumidwa ndi mfumu, kotero Ahimeleki anathandiza osadziwa kuti akuthandiza wothawa. Choona chatheka, choperekedwa kwa munthu waukali pa nthawi yoipa, chinapha monga bodza.

Akuluakulu a m'kalasi lanu akukumbukira masiku a chipani chimodzi, pamene munthu ankayamba wacheuka asanatchule dzina la boma, ndipo kalata inkatha kufika itatsegulidwa kale. N'chifukwa chake Malamulo a dziko a 1994, m'gawo 21, anateteza munthu kuti asafufuzidwe mwachisawawa m'thupi, m'nyumba, m'makalata ndi pa lamya. Doegi wa masiku amenewo anali munthu: ankagona, ankaiwala, nthawi zina ankachita manyazi. Wa lero tamuika tokha m'thumba, ndipo saiwala.

Mu 2017 bungwe la NRB linalembetsa Amalawi oposa 9 miliyoni, kutenga zithunzi ndi zidindo za zala zao. Mu 2018 bungwe la MACRA linalamula kuti nambala iliyonse ya foni ilembetsedwe m'dzina la mwini wake. Tsono mlimi wa kuno ku Tsangano akagulitsa matumba a kachewere kapena kabichi pamsika wa pa mphambano ya msewu wa M1, nalandira ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba, pamatsala cholembedwa: anatumiza ndani, zingati, ola liti. Nsanja ya netiweki nayo imadziwa dera limene foniyo ili, ngakhale mwini wake sanauze mkazi wake komwe wapita. Anthu anachita mantha kale pamene MACRA inagula makina a CIRMS, amene ambiri anawatcha makina aukazitape. Nkhaniyo inafika kukhothi, ndipo mu 2014 Bwalo Lalikulu la Apilo linalola kuti agwire ntchito.

Pano ndiyenera kunena mosabisa, pakuti funsoli limabwera pafupifupi m'kalasi lililonse. Chiphaso cha unzika sindicho chizindikiro cha chilombo. Chibvumbulutso 13 ndi 14 chikunena za kulambira, za amene timumvera pakati pa Mulungu ndi munthu, ndipo mbale wokana chiphaso chifukwa cha mantha amangodzimana thandizo popanda phindu. Komabe wophunzira ulosi asagone tulo. Mibadwo yakale inkadabwa kuti zingatheke bwanji kuletsa munthu mmodzi kugula ndi kugulitsa; ife taona kuti nambala imodzi ikatsekedwa, ndalama za munthu zimaima.

Werengani Mlaliki 10:20. Mlalikiyo akuchenjeza kuti ngakhale mau onenedwa kuchipinda angathe kunyamulidwa ndi mbalame. Kodi mbalameyo ndani?

Mu May 2022 munthu wina wa m'boma lathu lino la Ntcheu anamangidwa chifukwa cha mau amene analemba pagulu la WhatsApp onena za mtsogoleri wa dziko, pansi pa lamulo la 2016 loona za milandu ya pa intaneti. Phunziro lino silikuweruza mlandu umenewo. Koma dziwani ichi: uthenga wa pa WhatsApp umayenda wotsekedwa, wosawerengeka kwa anthu apanjira. Kawirikawiri sutuluka m'gulu wokha. Amautulutsa ndi mmodzi wa m'gulu momwemo, amene waujambula ndi kuutumiza kwina. Mbalameyo nthawi zambiri ndi mnzathu, ndipo nthawi zina ndi mbale wokhala nafe pa benchi imodzi tsiku la Sabata.

Apa ndipo phunziroli likutifika pakhungu. N'chapafupi kudzudzula boma ndi makampani, ndipo n'zoona kuti ayenera kuyankhapo. Lamulo loteteza mbiri ya anthu la 2024 linapangidwira zimenezo, ndipo Mkhristu ali ndi ufulu wofunsa kuti mbiri yake ikupita kuti. Ayeneranso kuchenjera, osapereka chiphaso chake kwa mavenda a feteleza kapena nambala yake yachinsinsi kwa woimba foni wosamdziwa. Koma lamulo limenelo silidzalowa m'gulu la mpingo wathu. Mlongo auza mayi wa Dorika za matenda ake kuti amupempherere, ndipo dzuwa lisanalowe nkhaniyo yawerengedwa ku Lilongwe ndi ku Johannesburg, itavekedwa dzina lakuti "pempho la pemphero". Mtsikana walakwa, ndipo chithunzi chake chafika kwa anthu mazana abusa ndi akulu a mpingo asanakhale naye pansi. Ngozi yachitika pamsewu, ndipo mayi adziwa za imfa ya mwana wake poona chithunzi cha mtembo. Onse otumizawo adzati sananame. Doegi nayenso akadatero. Ambuye Yesu, pa Mateyu 18:15, anaika sitepe yoyamba pakati pa anthu awiri okha, ndipo ife tayamba kuyambira pa khamu.

Fanizirani ndi Genesis 16:7-14. Hagara, kapolo wothawa ndi pakati, anapezedwa ndi mngelo pa kasupe m'chipululu. M'Chihebri dzina limene anapatsa Mulungu ndi El Roi, ndiko kuti Mulungu amene amaona. Mulungu anadziwa zonse za iye, kunyoza kwake kwa Sarai pamodzi ndi nsautso yake, ndipo Hagara anachoka pamenepo ndi lonjezo la mwana ndi dzina la mwanayo. Sauli anamva theka la nkhani ya Ahimeleki, naitanitsa lupanga.

Zokambirana m'kalasi: Asilikali a Sauli anakana kupha ansembe (1 Samueli 22:17). Kodi inu munayamba mwakanapo kutumiza uthenga umene unafika pa foni yanu? Ngati mpingo wanu uli ndi gulu la WhatsApp, ndani ali ndi udindo woletsa nkhani ya munthu isanafalikire, ndipo achite chiyani wotumizayo akakhala mkulu wa mpingo? Lowezani Miyambo 11:13 Sabata lisanafike.