Malire Osaoneka ndi Maso

Mukadzapita ku Swan Valley, kumpoto chakum'mawa kwa Perth, mudzayang'anitsitse minda ya mphesa ija. Malire ena ndi misewu ina imatsatabe mizere yowongoka yochokera kumtsinje. Mizereyo idayamba mu 1829, pamene James Stirling ndi woyeza malo John Septimus Roe ankagawira Azungu nthaka. Mtsinje ndiwo udali msewu, aliyense ankafuna gombe lake, ndiye malowo adawadula aatali koma opyapyala ngati lamba.

Komatu a Whadjuk Noongar adali atakhala pano zaka zikwizikwi. Mtsinjewo amautcha Derbarl Yerrigan. Tchire ankalisamala ndi moto, m'madimba a m'mbali mwa mtsinje ankakumbamo chilazi chotchedwa warran, ndipo banja lililonse linkadziwa dera lake. Mpanda okha ndiwo sankamanga. Obwerawo ataona kuti palibe mpanda, adati palibe mwini. Bodza limeneli khoti lalikulu la Australia lidalikana mu 1992, pa mlandu wa Mabo.

Funso lathu lero ndi ili, anzanga: kodi mwini malo ndi amene adalembapo mzere, kapena amene adawasamala osasiyapo chipsera?

Ifetu nkhaniyi si yachilendo. Kwathu malire ndi nkhadze, chulu, kapena mtengo wa mango wotsala pabwinja. Mizere yakale m'tchire imachitira umboni kuti agogo a wina adalimapo. Nanga dambo lodyetsera ng'ombe, nkhalango yotola nkhuni, potapa dothi la mbiya? Pamenepo palibe mzere, chifukwa ndi pa mudzi wonse. Cha m'ma 1890, Harry Johnston atayamba kupereka zikalata za malo kwa Azungu ku Thyolo ndi ku Mulanje, pepala lidaposa mawu a anthu, ndipo mpaka lero midzi yapanikizika m'mphepete mwa minda ya tiyi.

Tsono apa ndi pamene pakutikhudza. Timagwira mashifiti, kusunga madola, kenako kuimba foni kumudzi kuti atipezere puloti. Wina agula mbali ya dambo, amanga mpanda wa njerwa, kanjira ka kuchitsime katsekeka. Mapepala ali bwinobwino, amfumu adadinda. Koma mayi amene ankamweta udzu pamenepo alibe chikalata choti aonetse, ngati mmene a Noongar adalibe mpanda woti aloze.

Akuluakulu amati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Kalumoko kamameta bwino, komanso kamatema. Kugula malo si tchimo ayi, tonse tikufuna pofikira. Koma musanatumize ndalama, funsani mafunso awiri, osati limodzi. Loyamba mumalidziwa kale: malowa ndi a ndani? Lachiwiri ndi ili: akudya nawo pamenepa ndani, ndipo mpanda ukaima adzalowera kuti?