Wofufuza Akafika Pakhomo la Abale

M'mabuku a milandu wofufuza savutika mtima. Sherlock Holmes, amene Arthur Conan Doyle anamutulutsa koyamba mu 1887, amayang'ana matope a pa nsapato n'kutchula wolakwa, owerenga n'kukagona mtima uli m'malo. Wakuphayo ndi wa m'nkhani chabe. Palibe amene anadya naye nsima.

Za ku Machinga sizinali choncho. MacDonald Masambuka, mnyamata wa zaka 22 wa khungu lachialubino, anasowa mu Malichi 2018, ndipo thupi lake linapezeka mu Epulo. Apolisi atatsata mapazi, mapaziwo anawafikitsa kwa anthu amene mudzi umawadalira. Mu Epulo 2022 Bwalo Lalikulu linapeza anthu 12 olakwa, ndipo mwa iwo munali mchimwene wake weniweni, wapolisi, wa zachipatala komanso wansembe wa Katolika, amene anam'lamula zaka 30 pa mlandu wochita malonda a ziwalo za munthu.

Funso lovuta lagona pamenepa. Kodi mkhristu amene akudziwa kanthu aulule, ngakhale kuulula kwakeko kuchititse manyazi banja kapena Eklezia? Ambiri amati za m'nyumba sazitulutsa pabwalo, ndipo mawuwa si opusa: mphekesera zagwetsa maukwati, zaphetsa agogo osalakwa powanamizira ufiti. Kuloza chala n'kosavuta. Koma kufufuza n'kosiyana ndi miseche. Wamiseche amayamba ndi dzina, umboni n'kumaufuna pambuyo, pamene wofufuza woona amayamba ndi umboni ndipo amalola kuti umutengere ngakhale kumene sakufuna kupita.

Malembo Oyera akuonetsa zimenezi pa Danieli 13. Suzana anali ataweruzidwa kale kuti aphedwe, chifukwa omuneneza anali akulu awiri olemekezeka. Danieli, mnyamata chabe, anawalekanitsa n'kufunsa aliyense payekha mtengo umene anamuonera pansi pake. Wina anatchula uwu, wina uwo. Ulemu wa imvi zawo sunam'letse kufunsa, ndipo chimene chinam'dzutsa sichinali chidani ndi akuluwo koma moyo wa mayi wosalakwa.

Pa mlandu wa ku Machinga panalibe Suzana woti n'kupulumutsidwa, popeza MacDonald anali atapita kale. Koma ku Ntaja, ku Liwonde, ku Ulongwe ndi ku Balaka kuli ana achialubino amene makolo awo amawaperekeza kusukulu mpaka pakhomo la kalasi. Amene amakhala chete kuti ateteze dzina la mpingo kapena la mbumba amakhala atasankha kale, ndipo mtengo wa chete wakeyo amalipira ndi anawo.