Kodi Umphawi ndi Cholowa?

Amayi anzanga, timakonda kunena kuti wolimbikira sasauka. Kodi mawu amenewa ndi oona kwa mwana aliyense?

Mu 1994 boma la a Bakili Muluzi linachotsa fizi ku pulayimale, ndipo ana oposa miliyoni imodzi anawonjezeka m'makalasi. Khomo linatsegukira onse, koma sanalowe ndi mphamvu zofanana. Mwana wa mphunzitsi kuno ku Domasi ndi mwana wa msodzi wa ku Kachulu amalemba mayeso amodzimodzi a Sitandade 8. Koma nyanja ya Chilwa itauma mu 1995, malipiro a mphunzitsi ankabwerabe mwezi ndi mwezi, pomwe kwa msodzi matemba atasowa, ndalama ya makope ndi yunifolomu inasowanso. M'makomo otere mnyamata amapita kuganyu, mtsikana n'kukwatiwa msanga, ndipo ana awo amayambira pomwepo.

Ife amene tinagwira ntchito ya unamwino tikudziwanso kuti mwana wopinimbira ndi njala m'zaka ziwiri zoyambirira amavutika kugwira za m'kalasi. Kodi ameneyu tingamutche waulesi? Sanasankhe mudzi wobadwira.

Kulimbikira n'kofunika ndithu, koma khasu limodzi silikolola mofanana pa nthaka yachonde ndi yaguga. Ambiri a ife tinatukuka chifukwa wina anatigwira dzanja. Imeneyo ndi ngongole, ndipo sitingaibweze kwa adzukulu athu okha. Akuluakulu anati mwana wa mnzako ndi wako yemwe. Nthambi iliyonse isankhe mwana mmodzi amene si m'bale wathu, timuimire mpaka atamaliza Fomu 4.