Kuona Mbalame za M'dambo N'kudekha

Mdzukulu wanga, amayi ako andiuza kuti wayamba kunyamula alendo pa bwato. Ati alendowo safuna nsomba, safunanso kuwoloka. Angofuna kuona mbalame. Ndamvanso kuti anzako akukuseka, ati mbalame ndi za ana a legeni. Asiye aseke. Ntchitoyi ndi yabwino, ndipo ine ndaivomera. Koma ili ndi mwambo wake, ndipo mwambowo suli m'buku la zithunzi limene alendo anakusiyira. Safunsa anadya phula. Tsono tchera khutu.

Uyambe wadziwa malo ako. Dambo lathuli limayambira kumunsi kwa mlatho wa Kamuzu ku Chikwawa. Limatsika ndi Shire mpaka ku Chiromo, kufupi ndi kumene Ruo amafika ndi madzi a ku Mulanje. Kum'mawa kuli mapiri a Thyolo. Kumadzulo kuli minda ya nzimbe ya ku Nchalo ndi msewu wa ku Bangula. A Livingstone anadutsa muno pa sitima yawo mu 1859, ndipo anawerenga njovu pafupifupi 800 pamalo amodzi. Ndiwo anatcha damboli Elephant Marsh. Lero palasa kuyambira ku Chikwawa mpaka ku Chiromo, sukapezamo ngakhale ndowe ya njovu. Alenje a minyanga anazitha. Boma la atsamunda linaika lamulo loteteza damboli mu 1897, koma lamulolo silinazisunge. Njovu za ku Majete zija anachita kubwera nazo pa magalimoto kuyambira mu 2006. Anthu a nthawi ya alenje aja ankati njovu sizingathe. Asodzi ena lero akunena zomwezo za atsekwe ndi abakha a m'madzi. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Alendo ena amachokera kumaiko a m'mbali mwa nyanja ya mchere. Kwawoko madzi amakwera ndi kuphwa kawiri pa tsiku. Woona mbalame amayang'ana wotchi. Madzi akaphwa matope aonekera, mbalame zitera, iye akhala pomwepo. Ndi mmenenso zilili ku Chinde, kumene Zambezi amakathira madzi athuwa m'nyanja. Kuno ayi. Kuno madzi amakwera kamodzi pa chaka, choncho ife timawerenga miyezi. Kuyambira Januwale mpaka Malichi dambo limakhala litadzaza. Mbalame zimamwazikana m'mabango ndi m'gumbwa, ndipo mlendo amaziona patalipatali. Chilimwe chikalimba, cha mu Ogasiti mpaka Novembala, madzi amatsala m'maiwe ochepa. Nsomba zimapanikizana, ndipo avuwo, akakowa ndi mphipi zimasonkhana pomwepo. Mlendo akabwera pa nthawi yoipa, umuuze zoona usanalandire ndalama yake. Adzadandaula tsiku limodzi, koma adzakutumizira anzake. Ukamunamiza, dzina lako lidzafika ku Blantyre iwe usanafikeko. Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata.

Uzinyamuka kusanache. Kuno kwathu dzuwa la Okutobala limapitirira madigiri 40, ndipo likakwera mbalame zimabisala, mlendo naye amafooka. Dzuwa lizikhala kumsana kwako, kuti mitundu ya nthenga ioneke. Malaya owala usiye kunyumba. Nkhafi isagunde bwato. Ukafika pafupi, leka kupalasa, madzi akutengere okha. Usaloze ndi mkono wonse, usaimirire. Nena chapansipansi kuti yang'anani kumanzere, pa bango lopindika. Ndiye ukhale chete.

Apa m'pamene achinyamata ambiri amalepherera. Mtima wawo umathamangira dziwe lakutsogolo, ati mwina kumeneko kuli zambiri. Koma kuona maso a nkhono n'kudekha. Taona mbalame yakuda ija yodya nkhono, ya mlomo wosakumana pakati. Wothamanga amangoti ndi mbalame yakuda, n'kupitirira. Wodekha amaiona ikuyenda m'madzi ofika m'mawondo, ikufufuza ndi mlomo m'matope. Ikaigwira nkhono siiswa. Imalowetsa nsonga ya mlomo wam'munsi m'chigoba, kudula pamene nyama yamatirira, n'kuisolola. Chigoba chimatsala pafupifupi chathunthu. Ukapeza zigoba zambiri zopanda kanthu pagombe, udziwe kuti zinadya pamenepo, ndipo mawa m'mawa zidzabweranso.

Taonanso kambalame kofiirira ka zala zazitali, koyenda pa masamba a kakombo osamira. Ambiri amakapitirira chifukwa n'kochuluka. Koma ukakhala nako nthawi udzaona chodabwitsa. Wofungatira mazira ndi wamwamuna. Wolera ana ndi yemweyo. Choopsa chikayandikira amawapanira m'mapiko n'kuthawa nawo, timiyendo tawo tikulendewera kunsi. Mlendo akaona zimenezi ndi maso ake, ulendo wake wakwana. Iwe sunathamange, sunatuluke thukuta, wangodikira.

Tsono pali mbalame imodzi imene ndikufuna uisamale koposa zonse. Alendo amaitcha skimmer, ndipo ambiri amabwerera yomweyo. Ndi yakuda kumsana, yoyera kumimba, ya mlomo wofiira. Mlomo wam'munsi ndi wautali kuposa wam'mwamba. Madzulo imauluka chogundagunda madzi, mlomo wam'munsiwo ukudula mzere ngati khasu pa nthaka yofewa. Ukakhudza kansomba, mlomo utseka. Mbalameyi simanga chisa m'mtengo. Imangopalasa kadzenje pa mchenga wa pakati pa mtsinje, madzi akaphwa, n'kuikira mazira pomwepo. Mazirawo afanana mtundu ndi mchenga, moti ukhoza kuwaponda usanawaone.

Mvetsetsa chimene chimachitika ukayandikira. Makolo amauluka. Mazira amatsala padzuwa, ndipo mchenga wa chilimwe umaudziwa, suupondeka wopanda nsapato. Mphindi zochepa zokha, mazira apsa. Akapanda kupsa, khwangwala ndi mng'anzi anakuona kale pamene unadzutsa makolo, ndipo akudikira uchoke. Boti la injini likadutsa mothamanga, mafunde ake amakwera pamchenga n'kukokolola zonse. Ng'ombe zobwera kudzamwa zimamaliza zotsala. Adzabwera mlendo wa kamera yaikulu, adzakuuza kuti sendera pang'ono, kapena womba m'manja ziuluke. Adzakuonetsa ndalama. Umuyankhe mwaulemu kuti pepani bwana, pano m'pomwe timalekeza. Chithunzi chake adzapita nacho kwawo. Iwe udzatsala ndi mchenga wopanda mbalame, ndipo chaka chamawa udzasowa choonetsa. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Za fakitale ya shuga tsopano. Alendo akaona utsi wa ku Nchalo amakonda kupukusa mitu. Iwe usathamangire kupukusa yako. Nzimbe zinabwera kuno m'zaka za m'ma 1960, nthawi ya SUCOMA, ndipo a Illovo anatenga mindayo mu 1997. Ku Dyeratu kuli fakitale ya PressCane yopanga ethanol. Abale ako ambiri anaphunzira sukulu ndi ndalama ya kudula nzimbe. Mbalame nazo sizithawa minda imeneyi. Akamatentha nzimbe kuti adule, mphamba zimazungulira pamwamba pa utsi kugwira ziwala zothawa moto. Akakowa amatsata odula ndi mathirakitala. M'ngalande zothirira muli achule ndi tinsomba, ndipo nantchengwa amasodza momwemo. Ngati mlendo wafika mochedwa, ukhoza kumuonetsa zambiri m'mbali mwa msewu osakwera n'komwe bwato.

Koma usaiwale kuti nzimbe ndi dambo zimamwa Shire mmodzi. Madzi okwera ndi mapampu kupita m'minda ndi madzi amene sanafike m'dambo. Otsala m'minda amabwerera kumtsinje ndi zimene atola. Tsopano boma likukumba ngalande yaikulu yochokera ku Kapichira, kuti minda yothirira ichuluke m'chigwa chonse. Njala taidziwa, choncho ulimi wothirira sitiukana. Chofunika n'chakuti pakhale anthu oyang'ana madzi tsiku ndi tsiku, ndipo iwe uli pa bwato tsiku ndi tsiku. Mbalame ndi mboni zako. Nkhwazi, imene ili pa chizindikiro cha dziko lathu, imakhala awiriawiri pa dera lake zaka zambiri. Ikasamuka pamtengo wake, funsa chimene chachitikira nsomba. Namasupuni akaphimba dziwe lonse, avuwo sabweranso, chifukwa sasodza pa madzi otsekeka. Ukaona nsomba zakufa zikuyandama, lemba tsiku ndi malo, ukauze alangizi a za nsomba. Unene zokhazo zimene waona. Za kumva pa mowa uzisiye pa mowa pomwepo. Kandimverere anakanena za m'maluwa.

Ndipo chala chisaloze ku fakitale kokha. Wakutsina khutu ndi mnansi, tsono ndikutsina lako ndi la mudzi wonse. Neti zimene achipatala anatipatsa kuti tigonemo, ena akukokera nsomba. Neti imeneyo siisiya kanthu, imatenga ndi ana omwe a mlamba ndi makakana. Bango tikulitentha kuti tipeze dimba, zisa zili momwemo. Tikulima mpaka m'mphepete mwenimweni mwa mtsinje. Kumapiri anthu atha mitengo ndi makala, ndipo Mwanza akasefukira amabwera ndi mchenga wokwirira maiwe. Zonsezi si za mlendo. Ndi zathu.

Madzi saiwala khwawa. Mu 1997 anadula njanji pakati pa Bangula ndi Chiromo. Mu Januwale 2015 Ruo anasiya njira yake n'kuboola kwina cha ku Makhanga, midzi n'kutsala pakati pa madzi. Mu 2022 namondwe wa Ana anagumula damu la Kapichira, dziko lonse n'kusowa magetsi okwanira. Mu Malichi 2023 kunabwera namondwe wa Freddy, ndipo maliro ake sitinaiwale. Achinyamata ena amati dambo ndi malo owonongeka, bwenzi ataliumitsa n'kudzalamo nzimbe ndi chimanga. Sanaone zimene ife tinaona. Madzi akadza mwaukali, amafika m'bango n'kumwazikana, mphamvu yawo n'kuchepa. Akaphwa amatisiyira chinyezi cha madimba a chimanga ndi mbatata. Chaka cha njala, amayi amapita m'dambo lomweli kukazula nyika, ana n'kugona atadya. Makolo sanalakwe ponena kuti akulu ndi m'dambo mozimira moto. Anatenga fanizolo pa chinthu chimene anachiona chikugwira ntchito.

Dziko lakunja nalo linazindikira. Mu 2017 damboli linalembedwa pa mgwirizano wa Ramsar, wa maiko osamala madambo ofunika. Ndi malo achiwiri m'Malawi muno, pambuyo pa nyanja ya Chilwa, ndipo analemba mahekitala 61,556. Chimodzi mwa zifukwa zake n'chakuti mbalame za m'madzi zoposa 20,000 zimapezeka muno. Koma pepala siliyenda pa bwato. Owerenga mbalame amabwera mwa apo ndi apo, kawirikawiri mu Januwale kapena mu Julayi, n'kubwerera kutauni. Miyezi inayo wotsala ndiwe. Gula kope. Ulembemo tsiku, malo, mtundu wa mbalame, kuchuluka kwake, ndi pamene madzi afika. Chaka choyamba kopelo lidzaoneka lachabe. Chaka chachisanu lidzayamba kuyankhula. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha.

Ulembemonso tsiku limene waona anamzeze oyamba a dzinja. Ambiri mwa iwo amachokera ku Europe ndi ku Asia. Amawoloka nyanja ndi chipululu cha Sahara, kufika kuno cha mu Okutobala ndi Novembala, n'kubwerera cha mu Malichi ndi Epulo. Madzulo amagona m'bango mwathumu ali chigulu. Mlendo wako mwina anawaona ali pa denga la kwawo miyezi ingapo yapitayo. Muuze kuti kuno timawasunga bwino, ndipo zikhale zoona. Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, ndipo ulemu wa mwininyumba umadziwika pa masiku ochepa omwewo.

Za ng'ona ndi mvuu sindichulutsa, unabadwira kuno. Koma mlendo sanabadwire kuno. Dzanja lake lisalowe m'madzi. Bwato lisapite pakati pa mvuu ndi madzi akuya, makamaka yokhala ndi mwana. Asasambe m'madzi oima, kuli likodzo. Maso ake ali m'magalasi oonera patali, choncho ako akhale pamadzi. Mbalame ukaiphonya lero udzaiona mawa. Munthu sabwerezedwa.

Chatsala ndi anansi ako. Pali mabanja amene ndiwo zawo ndi mbalame za ulimbo ndi misampha. Usawanyoze pamaso pa alendo, chifukwa suli wolemera kuposa iwo, ndipo doko ndi lawo lomwe. Ukawanyoza adzakutsekera njira, ndipo mchenga wa ma skimmer aja adzaupondereza dala. Khala nawo pansi. Msodzi aliyense amadziwa kuti nsomba ya mazira siigwidwa, choncho nkhani ya mbalame yofungatira sadzaimva yachilendo. Mupangane miyezi yoleka, mupangane michenga yosafikako ng'ombe. Nkhanga zinapangana kusanapse. Upite kwa amfumu ndi ku komiti ya padoko madzi asanaphwe, osati mazira ataikiridwa kale. Popita usapite chimanjamanja, ndipo utenge amalume ako kuti akakuyankhulire. Pa ndalama ya mlendo aliyense uzipatulako ya padoko, anthu aone kuti mbalame yamoyo yawabweretsera kanthu. Ukatero ukapeze asodzi okalamba a ku Mchacha James ndi ku Chiromo. Ukawafunse maina a mbalame m'Chimang'anja ndi m'Chisena, ukawafunsenso maiwe amene avuwo ankagona kale. Zimenezo ukazilembe m'kope lomwelo, ndipo ukabwere nalo kuno undiwerengere.