Mlandu Suwola: Phunziro pa Nkhani ya Zakeyu

Mawu a Mulungu: Luka 19:1-10, Numeri 5:5-7



Pa msonkhano wathu wa amayi a ku Mitundu ndi ku Nathenje panabuka mtsutso umene sitinaumalize chifukwa dzuwa linapendeka. Funso linali lakuti: kodi mayiko ndi mabungwe amene analanda malo, ufulu ndi thukuta la eni nthaka ayenera kulipira chipepeso lero? Mayi wina anati, "Zakale zinapita, Mkhristu amangokhululuka." Mnzake anayankha kuti, "Nanga wakuba mbuzi akapepesa, mbuziyo izikhalabe m'khola mwake?" Tiyeni tibwererenso ku funsoli Baibulo lili m'manja.

Poyamba tikumbuke zimene zinachitika. M'zaka za m'ma 1890, boma la Harry Johnston linapatsa azungu zikalata za umwini wa malo aakulu, makamaka ku Mulanje, Thyolo, Zomba ndi Blantyre. Anthu anasanduka alendo pa nthaka ya makolo awo, nayamba kugwira thangata kuti asathamangitsidwe. Ichi ndi chimodzi mwa zimene zinautsa John Chilembwe mu 1915. Kuno kwathu, kuyambira mu 1926, bungwe la Native Tobacco Board ndilo linkalamula mlimi wachikuda za kalimidwe ndi kagulitsidwe ka fodya wake. Mu 1959, pa nthawi ya chipwirikiti, anthu oposa 50 anaphedwa m'dziko muno, ena mwa iwo pa doko la Nkhata Bay pa 3 Malichi.

Kwina kubweza kunayambika. Mu 2013 boma la Britain linavomera kupereka mapaundi 19.9 miliyoni pa mlandu wa anthu 5,228 a ku Kenya amene anazunzidwa pa nthawi ya Mau Mau. Mu 1993 mtsogoleri wa mpingo wa Anglican ku Canada, Michael Peers, anapepesa kwa eni dziko chifukwa cha sukulu zogonera komweko zimene zinkachotsa ana kwa makolo awo. Mu 2023 bungwe la USPG linalonjeza mapaundi 7 miliyoni ku Barbados, chifukwa kale bungwe la SPG linali ndi akapolo pa minda ya Codrington. Amayi, nkhaniyi si yakutali, pakuti UMCA imene inabweretsa mpingo wathu ku Magomero mu 1861 inaphatikizana ndi SPG yomweyo mu 1965.

Tsono Malembo akuti chiyani? Zakeyu anali mkulu wa okhometsa msonkho, wolemera ndi ndalama za anthu a mtundu wake. Yesu atalowa m'nyumba mwake, iye sanangogwetsa misozi. Anaimirira nalonjeza kugawira osauka theka la chuma chake, ndi kubweza kanayi kwa aliyense amene anamulanda monyenga. Atatero ndi pamene Ambuye analengeza kuti chipulumutso chafika pa nyumbayo. Chilamulo cha Mose nacho chinkafuna kuti wolakwa aulule, abweze zonse, ndipo aonjezerepo gawo limodzi mwa magawo asanu. Akuluakulu athu sanalakwitse ponena kuti pepani sapoletsa chilonda.

Kodi mayi uja amene anati tikhululuke analakwa? Iyayi. Kukhululuka ndi udindo wa wolakwiridwa, ndipo sitiyenera kudikira ndalama kuti tichotse chidani mumtima. Koma kubweza ndi udindo wa wolakwa. Ziwirizi sizilimbana. Analiponso amene anafunsa kuti, "Ndalamazo zikabwera, zidzafika kwa agogo kumudzi kapena zidzathera m'matumba mwa akuluakulu?" Funsoli ndi lanzeru. Chipepeso chimene sichifika kwa wolakwiridwa ndi kuba kwachiwiri.

Koma tisamangoloza chala kutsidya kwa nyanja. Makolo athu Achewa atafika kuno anapeza Akafula, amene zina mwa zojambula zawo zikuonekabe m'mapanga a ku Chongoni ku Dedza. Ali kuti lero? Ndipo m'midzi yathu ino, ndani sanaonepo mayi wamasiye akulandidwa malata, njinga ndi ng'ombe maliro asanazizire? Lamulo la 2011 lokhudza chuma cha masiye limaletsa mchitidwewu, komabe ukuchitika, nthawi zina ndi manja a ife eni ovala yunifolomu ya amayi. Nanga malire a munda amene timakankha mzere umodzi chaka chilichonse? Nanga waganyu amene anatipalira chimanga ndipo mpaka lero tikumuuza kuti abwere mawa?

Ngati tikufuna kuti mayiko akuluakulu abweze, tiyambe ndife. Sabata ino mayi aliyense adzifunse: kodi m'nyumba mwanga muli chiyani chimene si changa? Chikakhalapo, chibwezeni musanafike pa guwa kudzalandira Mgonero. Ngati mukuopa kupita nokha, tengani mayi mnzanu kapena abambo a mpingo akuperekezeni. Tikatero tidzakhala ndi pakamwa poyankhulira a mafumu, aphungu ndi maboma.

Tipemphere: Ambuye Yesu, amene munalowa m'nyumba ya Zakeyu, lowaninso m'nyumba zathu ndi m'nyumba za olamula mayiko. Tipatseni mtima wokhululuka ndi manja obweza. Amen.